Mbaula ya Kuseri kwa Kabati

"Kankhani mbali yanuyo, amake Frauke. Musangoima ngati mukudikira basi."

"Ndikankhe ndi chiuno chiti? Chachitsulochi?"

A Ubbo Saathoff anakankha okha kabati ya zovala, thukuta lili kamukamu, mpaka inaphimba mbaula ya gasi imene inali pakhoma. Paipi yake yachikasu inkaonekabe pang'ono m'munsi, ndiye anaikapo dengu la ulusi la akazi awo, a Theda.

Chipindacho chinali kuseri kwa khitchini. Kale chinali chochapiramo zovala, koma chiyambire pamene madokotala anaika chitsulo m'chiuno mwa a Theda, masitepe anawakanika, ndipo bedi linatsikira kumeneko. Mapaipi otenthetsa nyumba sankafika m'chipindamo. Mbaulayo a Ubbo analumikiza okha kalekale ndi mnzawo wina amene tsopano ali kumanda, popanda chikalata cha aliyense. Ndipo mwana wawo Frauke, amene amakhala ku Bremen n'kumalamula makolo pafoni, anali atanena kale poyera kuti chipindacho chikangozizira, amayi ake apita kunyumba yosungira okalamba ku Leer. Ana a masiku ano amatero. Amakukonda ndi adiresi ya malo okakutaya ili kale m'thumba.

Mavuto onse anabwera ndi gasi watsopano. Moyo wawo wonse a Ubbo anaphikira gasi wa ku Holland, tsidya lina la mtsinje. Kenako nthaka kumeneko inayamba kugwedezeka, makoma n'kumang'aluka, ndipo eni ake anatseka zitsime. Wina wochokera kum'mawa anamutseka ndi nkhondo. Tsopano a kampani ya gasi anali atakumba msipu wa a Focko, oyandikana nawo, n'kukwirira chipaipi choti mwana wa ng'ombe atha kuyendamo, chobweretsa gasi wa ku Norway ndi wina wa pa sitima zapamadzi. Gasi ameneyu akuti ndi wamphamvu kuposa wakale, choncho chitofu chilichonse m'mudzimo chinafunika kusinthidwa timilomo totulukira gasi lisanafike Lolemba. Munthu woyamba atabwera kudzawerenga zitofu, a Ubbo anamuonetsa ziwiri zokha, kabati ili pamalo omwewa. Anali ndi chifukwa. Mbaula yakale ya a Focko anaiika chidindo chofiira, n'kuitseka mpaka lero.

"Lonjezani," anatero a Ubbo akupukuta nkhope. "Wa gasiyo akabwera, simunena kanthu."

"Nanga zija ananena pawailesi, zoti moto ukapanda kusinthidwa..."

"A pawailesi amadya kwa yani? Gasi ndi gasi. Akufuna tigule zatsopano, basi. Lonjezani."

A Theda anayang'ana kabatiyo nthawi yaitali. "Chabwino, bambo. Sindinena kanthu."

Wa gasiyo anafika dzuwa litapendeka, mvula ikuwaza cham'mbali monga imachitira kuno. Anali bambo wa imvi, wamimba pang'ono, ndi bokosi la zipangizo m'manja.

"Moin," anapereka moni wa kuno, koma lilime linali lachilendo. "Ndine Mirek Gajda. Ndabwera kudzaona moto wanu."

"Moto wathu ulibe matenda," anayankha a Ubbo, ataima pakati pa khomo. "Kwanu n'kuti?"

"Ku Poland, bambo. Koma nsapato ndapukuta pamphasa ya kuno."

A Ubbo anapatuka monyinyirika. Anamulondola mpaka pa chitofu, n'kuima kumbuyo kwake ngati mlonda wa m'sitolo. Gajda anamasula timilomo tamkuwa, tating'ono ngati njere za nandolo, n'kuikamo tina. Anachitanso chimodzimodzi pa chotenthetsera madzi cha m'khonde. Ntchito yake inali yaukhondo, ndipo zimenezi zinawakwiyitsa a Ubbo koposa, chifukwa anasowa potola.

"Palibenso china choyaka ndi gasi m'nyumba muno?" anafunsa Gajda akutseka bokosi.

"Muli ndi maso. Mwaona china?"

"Ndiye ndapita. Zikomo, mayi."

Mtima wa a Ubbo unayamba kutsika. Koma a Theda anali atayala kale nsalu patebulo, tipoti ili pa kandulo wake.

"Khalani pansi, a Gajda. Tiyi wapsa."

"Munthuyu ali ndi nyumba zambiri zoti ayende, amake Frauke."

"Nyumba zimenezo zithawa? M'nyumba mwanga simunatulukepo munthu kukhosi kuli gwa. Mukufuna akazi a Focko akandiimbe nyimbo kutchalitchi?"

Kuno mlendo sachoka asanamwe makapu atatu, ngakhale akhale wokhometsa msonkho. Ndipo akakhuta sanena ndi pakamwa. Amangoika supuni m'kapu, mayi wa nyumba n'kudziwa. Supuni ikapanda kulowa, tipoti siipuma.

A Theda anaponya m'bulu wa shuga m'kapu, nathira tiyi, shuga n'kulira kuti the! Anatsanulira zonona za mkaka m'mbali mwa kapu kuti zikwere ngati mtambo. Gajda anamwa osatakasa, ndipo a Ubbo anaona kuti pang'ono pokha wina anamuphunzitsa mwambo.

"Ndiye mwatikumbira msipu wonse," anayamba a Ubbo, poti chete ankawawawa. "Paipi ya uku, paipi ya uko, ina ya m'nyanja. Mapanga awiri avumbwitsa, achimwene."

"Kwathu timati mbewa ya una umodzi sikalamba," anatero Gajda. "Ife tinali ndi paipi imodzi, yochokera kum'mawa. Tsiku lina mwini wake anadzuka atakwiya, n'kupotokola mpopi. Mukanaona mmene mayi anga ankayang'anira chitofu, ngati chili ndi mlandu. Mwamwayi ina ya ku Norway inali itatsala pang'ono kutha kumangidwa."

"A ku Norway sakwiya?"

"Akakwiya, pali sitima. A sitima akakwiya, pali ena. Onse sangakwiye tsiku limodzi, bambo, si apongozi."

A Theda anaseka mpaka kugwira chiuno. Anathira kachiwiri, kenako kachitatu. A Ubbo anamwa yawo mofulumira, n'kuponya supuni m'kapu kuti ngwe, mokweza, kuti mlendo atengerepo phunziro. Gajda anayang'ana pa mbale yake, nayang'ana pansi pa tebulo, koma a Theda anali atathira kale kachinayi.

"Mayi, ine ndiye..."

"Imwani, kunja kukuzizira. Mwati mayi anu akadali moyo?"

Anthu obwera ndi otero, anaganiza a Ubbo. Ukawapatsa chala amatenga mkono. Mwambo sakuudziwa, kufunsa safunsa, angomwa tiyi wa mwezi wonse. Koma mlendo sungamuuze kuti wakwana. Anangokhala, nsagwada zili gwa, akuwerenga makapu mumtima n'kusokoneza. Tipoti inatha, a Theda anadzuka ndi ndodo yawo n'kukafulula ina.

Gajda anayamba kusinthasintha makhalidwe pampando. Anapingasa miyendo, naimasula, naipingasanso. Potsiriza anatsokomola.

"Pepani, bambo. Kodi ndingapeze kuti chimbudzi?"

"M'mwamba," anatero a Ubbo msangamsanga. "Mukakwera masitepe, kumanja."

"Cham'mwamba chiti?" anafunsa a Theda. "Si chija munatseka madzi inu chaka chatha, n'kumati a madzi akutibera? Dutsani m'chipinda changa umo, a Gajda. Chitseko chili kuseri kwa kabati."

Gajda sanadikire kuuzidwa kawiri. A Ubbo anamva chitseko cha chimbudzi chikugunda kabati, chifukwa tsopano chinkatseguka theka lokha. Anamva munthu wamimba akudzipanikiza, kenako dengu likugubuduzika. Mpira wa ulusi wofiira unatuluka wokha mpaka m'khitchini, n'kuima pa phazi lawo.

Madzi anakhuthuka. Koma munthuyo sanabwerere.

A Ubbo anamupeza atagwada, chala chili pa paipi yachikasu. Analowa pakati pa iye ndi kabati, natambasula manja.

"Mwabwera kudzakodza kapena kudzafufuza?"

"Amagona muno ndani, bambo Saathoff?"

"Si nkhani yanu! Ndikukudziwani anthu inu. Muika chidindo chanu chofiira, mukwera galimoto, madzulo mukadya bwinobwino. Chipinda chizizira, mwana wanga abwera ndi masutikesi, mayi awa akawatsekera ku Leer pakati pa anthu osadziwa ngakhale dzina lawo. Ine ndidzatsala ndikulankhula ndi khoma. Zimenezo zili pa pepala lanu?"

Gajda anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira.

"Ndimvereni kaye, kenako mundithamangitse. Gasi wa Lolembayu akalowa pa kamlomo kakale, amatuluka wambiri kuposa mpweya umene mbaula ingakoke. Moto umayakabe, chipinda chimafunda bwino. Koma umatulutsa utsi wosaoneka, wopanda fungo. Mayi akanatseka chitseko ichi n'kugona. M'mawa inu mukanabwera ndi tiyi." Anaima pamenepo. "Tsoka silinunkha, bambo."

A Ubbo anayang'ana bedi. Panali pilo wa a Theda, wokhala ndi dzenje la mutu wawo, ndi magalasi owerengera pambali. Manja amene anatambasula aja anatsika okha. Patapita kanthawi anatembenuka, naika phewa pa kabati.

"Mwangoima bwanji? Kankhani mbali yanuyo. Tiyi yense uja wapita kuti?"

Anaikankha awiri. Gajda anapukuta fumbi pa kachitsulo ka m'mbali mwa mbaula, nawerenga, napukusa mutu, n'kutuluka panja ndi foni. A Ubbo anamuona pawindo akuyenda uku ndi uku mumvula, akukangana ndi munthu wosaoneka. A Theda anali m'khitchini, akukulunga ulusi wawo wofiira mwakachetechete.

"Ya a Focko inalibe timilomo take padziko lonse," anatero Gajda atabwerera, madzi akuyenderera m'tsitsi. "Ta yanuyi tilipo, m'nyumba yosungira katundu, pansi pa fumbi. Lero ndiitseka, ndipo ndiilemba, musandipemphe zina. Paipi iyinso ndisintha polumikizira, chifukwa amene anamanga apa anali wolimba mtima kuposa wanzeru."

"Anali malemu mnzanga," anatero a Ubbo.

"Ause mu mtendere. Ndibwera Lolemba."

Masiku amenewo a Theda anagona m'khitchini, bedi litakokeredwa pafupi ndi chitofu. Frauke ataimba foni Lamulungu, anamuuza kuti akupenta chipinda. A Ubbo sankakhulupirira kuti munthuyo abweranso. Wa kampani akati Lolemba, funsa kuti la chaka chiti.

Koma Lolemba masana galimoto inaima pachipata. Gajda anagwada pa mbaula ija, namasula, namanga, napaka thovu la sopo polumikizira kuti aone ngati pakutuluka mpweya, naloza kachipangizo kake pa moto. Kenako anasuntha kuti nkhalamba ione. Malawi anali ndandanda, obiriwira ngati thambo, osagwedezeka.

"Ameneyo ndi wa ku Norway," anatero. "Kapena wa pa sitima. Salemba dzina."

"Ndimayesa akhala ndi nyanga," anatero a Ubbo. "Msipu wonse uja kuukumbira moto womwewu?"

Kenako anakhala pansi pamphepete mwa bedi limene anali atalibwezera kale m'mawa. Anatambasulira manja ku mbaula. Kutentha kunawalowa m'zala, kukwera mpaka pachifuwa, pamene panali patamangika chiyambire chilimwe. Anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni pakhomo.

"Tiyi wapsa!" anaitana a Theda.

Atakhala patebulo, Gajda anapisa m'thumba la malaya, natulutsa kasupuni, n'kukagoneka pambali pa kapu yake mosamala.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa a Ubbo.

"Lero ndabwera ndi yanga, bambo. Ndamwa tiyi m'nyumba zonse za mudzi uno, mwambo ndimaudziwa. Koma tsiku lija pa mbale yanga panalibe supuni. Ndinafunafuna mpaka pansi pa tebulo. Ndinatsala pang'ono kuphulika."

A Ubbo anatembenuka pang'onopang'ono. A Theda, amene m'zaka zonse za ukwati wawo sanaiwalepo supuni ya mlendo, ankathira zonona m'mbali mwa kapu, maso ali pa mtambo umene unkakwera.

"Amake Frauke."

"Ndinalonjeza kuti sindinena kanthu," anatero a Theda. "Ndinanena?"

Kuchipinda mbaula inkalira motsitsa. A Ubbo anatulutsa supuni imene anali ataika kale m'kapu mwawo, naigoneka pa mbale, n'kukankhira kapuyo kwa akazi awo.

"Thiraninso," anatero.