Tiyi wa Dokotala Wakale

Sayyora analowetsa ulusi pa singano kamodzi n'kamodzi. Anausolola n'kulowetsanso, kuopa kuti mwina wangochita mwayi. Unalowanso. Kachitatu anachita ataimirira, ndipo anakuwa mpaka nkhunda zinauluka pa mpesa wa pabwalo.

"Alamu! Alamu, thamangani!"

Holida, mkazi wa mchimwene wake, anatuluka m'khitchini manja ali mbuu ndi ufa. "Kwagwanji? Mwapsa?"

"Taonani dzanja ili. Taonani! Lili phee ngati la mwala."

"Ndiye mwandisiyitsa kukanda buledi chifukwa cha singano?" anatero Holida. Koma anayang'anitsitsa dzanjalo, kenako anamukumbatira n'kumupaka ufa msana wonse.

M'tauni yathu ino ya Chust mkazi aliyense amapeta zisoti, koma za Sayyora amuna ankazidikira miyezi itatu osadandaula. Ndiye mwamuna wake anamwalira, matenda a maganizo anamugwira, anasiya kudya, kugona ndi kuyankhula. Mchimwene wake Tohir, wosula mipeni, anamubweretsa pakhomo pake n'kupita naye kwa a Dokotala Sotvoldiev, amene anali mnzawo wa malemu bambo awo. Adokotalawo anamudzutsa, palibe angakane. Koma mapiritsi amene anamupatsa chaka choyamba ndi omwewo anali kumwa chaka cha chisanu ndi chinayi. Ankagona mpaka masana, ndipo manja ankanjenjemera moti msuzi ankamwa atagwira mbale ndi manja awiri. Mwezi ndi mwezi ankakhala pa mpando wa kuchipatala, adokotala n'kumafunsa Tohir: "Akudya? Akugona?" Sayyora akatchula za manja, yankho linali limodzi: "Manja ndi nkhani yaing'ono, mwana wanga. Bola mutu."

M'nyengo ya maluwa Sayyora anakwera takisi yopita ku mzinda wa Namangan ndi Holida, kukaonana ndi Dokotala Zebo, mayi wa magalasi amene ankayankhula mofulumira ngati akuthamangira basi. Choyamba dokotalayo anauza Holida kuti adikire panja. Chachiwiri anafunsa funso limene Sayyora anali asanafunsidwepo: "Mukakhala bwino mukufuna kumachita chiyani?" Anamuyeza magazi, anawerenga mapepala onse akale, n'kuyamba kusintha mankhwala pang'onopang'ono. Anamuchenjeza kuti asadumphe ngakhale piritsi limodzi. Tohir anang'ung'udza, koma anati, "Yesani tione."

Tsopano panali patatha miyezi inayi, ndipo ulusi unali kulowa.

Vuto linali foni. Mwezi woyamba umene Sayyora sanapite kwa iwo, a Sotvoldiev analemba: "Mwana wanga, sindinakuone." Iye anayankha mwaulemu kuti wayamba kuonana ndi dokotala wina. M'mawa mwake munabwera chithunzi cha maluwa ndi mafuno a tsiku labwino. Kenako mauthenga a mawu, ena a mphindi zisanu ndi ziwiri: madokotala a masiku ano amaphunzira pa foni, bambo ako akanakhala moyo sakanalola, ukadzagwanso udzabwera kwa ndani? Tsiku lina wogulitsa mankhwala wa pakona anamuuza pamaso pa anthu atatu kuti, "Adokotala akukufunsanitu." Sayyora anatuluka m'sitolomo makutu akuyaka.

Dokotala Zebo anamvetsera mauthenga awiri okha n'kubweza foni. "Alembereni kamodzi, momveka, mopanda mwano. Kenako tsekani nambala yawo. Mauthengawa musafufute. Akapitiriza, pali kokadandaula, ndipo kalata ndidzakuthandizani kulemba."

Sayyora analemba ali m'takisi: "Adokotala, ndikuthokoza chifukwa cha zaka zonse. Tsopano ndikuthandizidwa kwina. Chonde musandiimbirenso, ndipo musakambe za ine ndi munthu wina." Anatumiza, anatseka nambala, ndipo anagula ayisikilimu awiri, onse ake.

Koma nambala imene inalembedwa pa chikuto cha mapepala ake kuchipatala chakale sinali yake. Inali ya Tohir, monga mwa masiku onse: wodwala ndi wodwala, foni ndi ya womubweretsa. Adokotala anayamba kuimbira Tohir kuntchito. Ndipo Tohir, amene sanatsutsepo munthu wa imvi chibadwire, anayamba kubwera kunyumba atakwinya nkhope.

"Akuti kusangalala kwambiri kumeneku n'chizindikiro," anatero tsiku lina pa chakudya.

"Chizindikiro cha chiyani, achimwene?"

"Kaya. Cha matenda."

"Ndikalira, matenda. Ndikaseka, matenda. Ndiye ndizingokhala ngati thumba la anyezi?"

"Usandiyankhe choncho. Ukadzagwanso anthu adzaloza ine."

Pakhomo pamenepo mawu omaliza anali a Tohir. Akanena kuti mwezi wa mawa tikubwerera kwa a Sotvoldiev, kunali kubwerera basi, ku mapiritsi akale ndi mbale yogwira manja awiri.

Lamlungu masana, Sayyora ali pakati pa chisoti chake choyamba, kunamveka kugogoda pa geti. Holida anasuzumira n'kubwerera akuthamanga, akukonza mpango.

"Ndi iwowo! Ali ndi vwende lalikulu ngati mwana wa chaka!"

"Ndani wawaitana?"

"Adziitana okha," anatero Tohir, akuvala jekete mofulumira, maso akuzemba. "Anati adzadutsa. Ndikanati chiyani? Kuti mnzawo wa bambo asaponde pakhomo pathu?"

"Nambala ndinatseka ine, koma geti ndinaiwala," anatero Sayyora.

"Iwe, khala bwino. Wamva?"

A Sotvoldiev analowa atavala suti yotuwa ngakhale kunali kutentha. Anali atakalamba kuposa mmene Sayyora ankawakumbukirira. Anakumbatirana ndi Tohir, anafunsa za ana, za ntchito, za mwendo wa amayi ake a Holida, ndipo Tohir anawakhazika pa malo aulemu pa nsanja ya matabwa pansi pa mpesa, kutali ndi polowera. Holida anayala nsalu, ananyema buledi, anaika mphesa zouma, mtedza ndi maswiti. Sayyora anapereka moni dzanja lili pamtima n'kukhala kumapeto.

Adokotala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anatembenukira kwa Tohir.

"Waonda. Akugona maola angati?"

"Asanu ndi atatu," anatero Sayyora.

"Maso akuwala kwambiri," anapitiriza adokotala, ngati kwalira mphepo. "Ukuona, Tohir mwana wanga? Zimayamba chonchi. Lero akupeta, mawa akuimba, mkuja mukumufunafuna pa msika. Ine mwana uyu ndimamudziwa kuposa mmene amadzidziwira yekha."

"N'zoona, adokotala," anatero Tohir.

"Sindikusunga mangawa. Uthenga uja anandilembera ndauiwala kale, sanali iye, anali matenda. Taona." Anatulutsa kapepala m'thumba la mkati, kolembedwa kale, kodindidwa kale. "Ayambe usiku uno. Lachitatu ubwere naye, sindikuikani pa mzere."

Anakankhira kapepalako kwa Tohir. Tohir anakalandira ndi manja awiri, anakapinda, n'kukaika m'thumba la malaya.

Sayyora anaona kapepalako kakulowa m'thumbamo. Zimene anamva sizinali mantha. Zinali ngati zija amamva munthu akaona takisi yomaliza ikunyamuka, miyendo n'kuyamba yokha kuthamanga. Holida anali akubwera ndi tipoti. Sayyora anadzuka n'kumulanda.

"Ndithira ine, alamu."

"Mutaya," ananong'oneza Holida mwachizolowezi.

"Khalani pansi."

Anachita zonse monga anamuphunzitsira mayi ake. Anathira m'kapu n'kubwezera m'tipoti katatu kuti tiyi akolere. Anathira pang'ono m'kapu yake. Kenako anatenga kapu ya mlendo. Ngakhale mwana wa zaka zisanu amadziwa kuti mlendo amene ukumufuna umamuthirira pang'ono pansi pa kapu, kuti azibweza kawirikawiri, uzimuthirira, macheza azitalika. Kudzaza kapu n'kumuuza kuti imwani muzipita.

Tiyi anafika pakati. Holida anatsokomola. Anapitirira pakati. Tohir anasiya kutafuna. Sayyora anathirabe mpaka tiyi anafika pa mlomo penipeni, n'kutukumuka pang'ono pamwamba, pofuna kusefukira koma osasefukira.

Makapu athu alibe chogwirira, ndipo iyi inali yotentha ngati khala. Anainyamula ndi zala zitatu za dzanja lamanja, lamanzere lili pamtima, n'kuiolotsa pamwamba pa buledi, pamwamba pa maswiti, pamaso pa Tohir penipeni, pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Sipanagwe dontho.

"Landirani, adokotala."

Nkhope ya a Sotvoldiev inada. Kukana tiyi sakanatha. Analandira, ndipo tiyi anatayikira pa zala zawo ndi pa nsalu. Holida anathamangira kansalu kopukutira.

"Sayyora!" anatero Tohir.

"Achimwene, ndiyankhule kamodzi, kenako mundikalipire mpaka mawa." Anatembenukira kwa mlendo, ndipo anadabwa kumva mawu ake akutuluka osalala. "Adokotala, pamene ndinkafa munandidzutsa. Zimenezo ndidzazinena kulikonse. Koma zaka zisanu ndi zinayi ndinakuuzani za manja anga, inu n'kumafunsa achimwene ngati ndikudya. Tsopano ndili ndi dokotala. Mankhwala ndikumwa, magazi akundiyeza, ndikadwala ndikudziwa kopita. Ndinakulemberani kuti musandiimbire. Munaimbira achimwene. Munauza wogulitsa mankhwala. Lero mwabwera ndi pepala limene sindinapemphe."

"Mwana wanga, ine ndimakufunira zabwino."

"Ndikudziwa. Mundifunire muli kwanu. Mauthenga anu onse ndinasunga, makumi atatu ndi anayi. Sindikufuna kupita nawo kulikonse. Musandichititse kupita nawo."

A Sotvoldiev anayang'ana Tohir, kudikira kuti mwini khomo akonze zinthu. Koma Tohir sanali kuwayang'ana. Maso ake anali pa dzanja la mlongo wake, limene linali lidakali m'mwamba, litatambasuka, osagwedera.

Adokotala anamwa tiyi yense, wotentha choncho, chifukwa ndi mmene analeledwera. Anaika kapu pansi, anakweza manja kupempherera nyumba, onse anapukuta kumaso ndi manja monga mwa mwambo, ndipo adokotala anadzuka. Tohir anawaperekeza.

Geti litangotsekeka Holida anagwa pa mapilo atatseka pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka.

"Alamu, mwandipha! Mpaka pa mlomo! Ine ndimati muima pakati!"

"Inenso ndimati ndiima pakati."

"Koma amuna anga akudyani wamoyo lero."

Tohir anakhalitsa kunjako. Sayyora anayamba kusonkhanitsa mbale, anaziikanso pansi, anakhala, anaimirira. Atamva geti, anaima chilili.

Tohir analowa akupukusa mutu, nkhope ili psuu.

"Pakhomo pa bambo anga! Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri! Mawa kunyumba ya tiyi ndikakhala pati ine? Chust yense amva dzuwa lisanalowe!"

"Amva kwa ndani?" anafunsa Sayyora. "Adokotala sanganene."

"Amva kwa uyu!" Analoza mkazi wake, amene anali akupukuta misozi ya kuseka. "Ndipo iwe, makumi atatu ndi anayi? Bwanji sunandiuze?"

"Munandifunsa?"

Tohir anadziponya pa nsanja mpaka matabwa analira. Sayyora anayang'ana thumba la malaya a mchimwene wake. Linali lophwa.

"Pepala lija lili kuti, achimwene?"

"Ndawabwezera."

"Mwawabwezera?"

"Wagontha? Ndawabwezera ndi manja awiri, mwaulemu, osati ngati anthu ena. Ndawauza kuti nambala yanga ndi ya ogula mipeni. Akafuna mpeni aimbe, ndiwapangira wabwino. Za iwe, ayi." Anapukuta thukuta pakhosi. "Anandiyang'ana ngati ndawaba."

Sayyora anakuwa kachiwiri sabata imeneyo, ndipo anamupsompsona mchimwene wake pa dazi, chinthu chimene anali asanachite chiyambire ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

"Choka apa, wamisala iwe," anatero Tohir, kenako anazindikira mawu amene watulutsa n'kuuma thupi.

Sayyora anaseka mpaka anagwira m'mimba. "Wakale uja anali wamisala. Uyu ndi wamwano chabe."

"Ee, wamwano ndiye ndavomera." Tohir anakankha kapu yake. "Thira tiyi, kukhosi kwauma. Pang'ono, iwe! Pang'ono! Ine ndimakhala pompano."