Gitala ya Apongozi ndi Guluu wa Boti

M'boti lathu muli malo amodzi okha ouma: kabati yaitali, yopyapyala, yomwe ili kuseri kwa chitofu. Kwina konse, ngakhale upukute bwanji, m'mawa umapeza matabwa akutuluka thukuta. Mphepo ya mchere imalowa paliponse. Masipuni amachita dzimbiri, machesi amakana kuyaka, zipi ya siketi imauma gwa.

Boti lake ndi la matanga. Amuna anga amasoka matanga a anthu m'shedi ya padoko, ndipo boti ili analipeza litatayidwa, n'kulikonza okha kwa zaka ziwiri. Tinalowamo ine ndili woyembekezera. Apongozi aakazi anati mtsikana wokulira m'nyumba ya njerwa ngati ine sindingathe mwezi pamadzi. Amene anandiikira kumbuyo ndi apongozi aamuna.

Tsiku losamuka anabwera atanyamula gitala yawo. Anaiimba zaka makumi atatu m'bandi ya pahotela, mpaka nyamakazi itawapinda zala. Kwawoko amaitchula kuti Mkazi Wamkulu, poti anayamba kukhala nayo asanakwatire.

"Iwe uziimba," anauza mwana wawo, "koma sindikusiyira iwe. Iwe tsiku lina ungaisandutse nkhafi. Wosunga ndi mpongozi wangayu. Maso ake ndawaona, saphonya kanthu."

Anayendera boti lonse akugwiragwira makoma, mpaka anaipeza kabati ija. Kenako anandipatsa malamulo, ine ndikulemba m'kope ngati ndili m'kalasi. Gitala izigona m'kabatimo basi. Ikaimbidwa, nsambo zipukutidwe ndi kansalu. Ikakhala masiku osaimbidwa, nsambo zimasulidwe pang'ono. M'bokosi lake munali timatumba tinayi toyamwa chinyezi, toti ndiziumitsa pachitofu Loweruka lililonse.

Ndinkachita zonsezo, ndipo ndinkanyada nazo. Lamlungu lililonse masana ankaimba foni. "Mpongozi, Mkazi Wamkulu ali bwanji?" Ine ndinkati, "Ali bwino, Bambo." Amuna anga ali ndi kachitoliro kachitsulo ndi kang'oma kapulasitiki, zomwe zimangogubuduka paliponse, koma palibe amene anafunsapo za izo.

Mwana atabadwa tinamutcha Kapiteni, chifukwa akangolira tonse timathamanga. M'boti mulibe kutali. Mwana akagona, wagona pafupi ndi chilichonse, choncho bambo ake anasiya kutulutsa gitala, n'kumakaimbira kachitoliro kawo kushedi.

Kenako kunabwera mvula ya masabata. Matewera sankauma. Tizovala ta mwana tinayamba madontho akuda, ndipo Kapiteni anayamba kutsokomola. Kuchipatala namwino ananyamula kabulangete kake, n'kukanunkhiza.

"Mayi, zovala za mwana mumasunga m'chitsime?"

Amayi onse a pabenchi anatembenuka. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Nditabwerera kuboti ndinatulutsa gitala m'kabati, ndinaikamo matewera ndi zovala za mwana. Gitala ndinakailowetsa kutsogolo kwa boti, pansi pa bedi, pafupi ndi pomwe pamakhala unyolo wa nangula. Ndinadziuza kuti ndi sabata imodzi yokha. Nsambo ndinaiwala kumasula.

Chifuwa cha mwana chinatha. Sabata ija inabala anzake mpaka anakwana asanu ndi limodzi. Amuna anga sindinawauze, ndipo iwo kabati ya kuseri kwa chitofu saitsekula. Foni ikalira Lamlungu, pakamwa pankayankha pokha. "Ali bwino, Bambo."

Lamlungu lomaliza anawonjezera kuti, "Loweruka ndikubwera. Ndikufuna mdzukulu wanga amve mawu a agogo ake aakulu."

Lachitatu kunacha dzuwa. Amuna anga atangopita kushedi, ndinakwawira pansi pa bedi n'kukoka bokosi lija. Nditatsekula, fungo linandimenya kumaso. Nkhungu inali itayala mbuu pathabwa lonse, nsambo zili psuu ndi dzimbiri, ndipo mimba ya gitala, kumunsi kwa bowo, inali itatupa ngati yakhuta. Timatumba tija tinali tolemera ndi madzi.

Chinthu chonyowa ndimadziwa chochita nacho chimodzi. Ndinaipukuta, n'kuigoneka pamwamba pa boti, padzuwa, pafupi ndi matewera.

Cha m'ma leveni ndikuyamwitsa, ndinamva thwa. Nditatuluka ndinapeza kathabwa kakuda kaja, komwe nsambo zimamangidwa pamimba pa gitala, katamatuka. Kankalendewera ku nsambo zake ngati nsomba yokodwa pa mbedza. Ndinayang'ana maboti oyandikana nawo, mmodzimmodzi. Palibe amene ankaona.

Amuna anga ali ndi guluu wa boti, uja wa m'zitini ziwiri, wochita kusakaniza. Ndinawaonapo kambirimbiri akumata naye ming'alu, akudzitama kuti pomwe wagwira ameneyu, ngakhale nyundo imabwerera. Ndinasakaniza pa chivindikiro cha botolo, ndinapaka wambiri kuti asadzamatukenso, ndinakhazika kathabwa paja, n'kutsamiza ndi poto wodzaza madzi. Nthawi yomweyo panadutsa boti la injini. Mafunde ake anatigwedeza, poto anasuntha, mwana anayamba kulira. Pomwe ndinabwerera, kathabwa kanali katapendekeka pang'ono, ngati m'lifupi mwa machesi, guluu atayamba kale kulimba.

Lachisanu ndinatsuka nsambo ndi mafuta ophikira, ndinachotsa matewera m'kabati, n'kubwezeramo gitala.

Apongozi anafika Loweruka m'mawa. Anawoloka thabwa lokwerera atagwira dzanja la mwana wawo, akudandaula kuti nyumba yabwino siivina. Anamunyamula Kapiteni, iye n'kuwakoka ndevu. Atamwa tiyi anati, "Tabweretsani mayi uja."

Ndinawapatsa ndi manja awiri. Anakunga nsambo pang'onopang'ono, khutu lili pafupi. Anakhwatcha kamodzi. Mawu ake anali ngati munthu akuyankhula ali m'bulangete. Anakweza zala zawo zopindikazo chakumtunda, mawu n'kuyamba kusemphana. Anasiya. Anatembenuzira gitala kuwindo, anakanda ndi chikhadabo m'mbali mwa kathabwa kaja, momwe guluu anatuluka n'kuuma ngati galasi. Kenako ananunkhiza, monga momwe anachitira namwino uja.

"Uyu ndi guluu wa boti." Sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana mwana wawo. "Gitala yanga waiyesa bwato?"

Amuna anga anatsegula pakamwa. Anayang'ana gitala, anayang'ana shelefu pomwe pamakhala zitini zawo, kenako anandiyang'ana ine. Ine ndinaweramira mwana, ndikumukonza thewera lomwe linali lokonzeka kale.

"Ndi ine, Bambo," anatero amuna anga. "Inagwa. Ndimaopa kukuuzani."

"Ndevu zonsezi, nzeru zili m'zitini. Uli mwana unamata wailesi ndi phula, ndimayesa unakula." Anatembenukira kwa ine, mawu n'kufewa. "Mpongozi, musadandaule, si mlandu wanu. Ndinalakwa ndine, ndikanakugulirani loko."

Ndinati, "Ee, Bambo." Ndi mawu amene ndimachita nawo manyazi kuposa onse m'nkhaniyi.

Anati tipite nthawi yomweyo kwa mmisiri wokonza zoimbira, mnzawo wakale, yemwe anthu amamutchula kuti a Khutu. Shopu yake ili mumsewu wa kuseri kwa doko, pakati pa okhoma nsapato ndi ogulitsa maukonde. Tinayenda mondondozana, apongozi patsogolo, amuna anga atanyamula bokosi, ine pambuyo ndi mwana kumsana. Amuna anga sanacheuke.

M'shopumo munali mopanikiza. Magitala opanda nsambo ankalendewera kudenga, ndipo pakona panali kapoto kakuda kali m'madzi otentha, kakununkha ngati zikopa.

"Ukadali moyo?" anatero a Khutu ataona apongozi. "Ndimamva kuti zala zinapuma pantchito, pakamwa pokha ndi pomwe patsala."

"Ndiwe uli ndi makutu aakulu, uzimva zambiri. Taona zomwe wachita mwana wangayu."

A Khutu anagoneka gitala patebulo, n'kuvala magalasi. Anagogoda kathabwa kaja ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Mukuona kapoto ako? Ameneyo ndiye guluu wa gitala. Timachita dala kumata ndi wofooka. Akamva kutentha amasiya, ife n'kutsegula, kukonza, kumatanso. Kakanangomatuka kathabwaka n'kubwera nako m'thumba, inali ntchito ya tsiku limodzi. Koma uyu wa boti samasuka. Ndichita kukasema mpaka kathe, ndipange kena, ndipo chipsera chitsala."

Kapiteni ankandikoka tsitsi, ine osamuletsa.

"Koma chondidetsa nkhawa ndi mimbayi," anapitiriza akusisita potupa paja. "Gitala imeneyi yakhalapo ponyowa?"

"Ayi," anayankha apongozi mwamphamvu. "Imagona m'kabati youma. Amaisunga ndi mpongozi wangayu, ndipo ameneyu ndingamusungitse ngakhale diso langa. Inangogwa."

"Inagwera mbali iti, mphwanga?"

Amuna anga analoza mwachisawawa. "Cha apa."

"Cha apa palibe pomwe panagunda." A Khutu anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Chabwino. Thabwa likatupa ndi chinyezi, timangolisiya mumthunzi mwezi wathunthu, limabwerera lokha. Koma ngati lili louma monga mukuneneramu, ndiye kuti nthiti za m'kati, timitengo tochirikiza thabwali, zinathyoka pogwapo. Ndiyenera kuchotsa thabwa lonse lapamwambali. Lakalamba, likhoza kung'ambika, ndipo likang'ambika, mawu aja apita."

Apongozi anati, "Tsegula."

A Khutu anatenga kampeni kopyapyala, n'kukaviika m'madzi otentha aja. Ndinaona nthunzi ikukwera. Ndinaona khosi la amuna anga likutuluka thukuta. Kampeni kanakhudza m'mphepete mwa gitala.

"Musatsegule," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wasukulu. "Siinagwe. Inanyowa."

Onse atatu anatembenuka. Ndinayang'ana utuchi wa pansi n'kunena zonse: chifuwa cha mwana, matewera m'kabati, pansi pa bedi, dzuwa, poto wa madzi. A Khutu ankandidula ndi mafunso ngati dokotala. Masabata angati? Nsambo zinali zokunga? Padzuwa maola angati? Ndinayankha lililonse.

"Ndiye basi," anatero akupukuta kampeni kaja pa epuloni. "Nthiti zili bwino. Aliyense amene wagwira gitalayi wailakwira, kupatula nyanja, yomwe imangogwira ntchito yake. Mubwere pakatha mwezi."

Apongozi sanaseke. Anafunsa mwana wawo kuti, "Iwe umadziwa?"

"Ndadziwira limodzi ndi inu, Bambo."

Apongozi anatuluka panja n'kukhala pabenchi ya okhoma nsapato. Ndinawatsatira, ndinagwada pambali pawo, mumsewu momwemo, anthu akudutsa.

"Dzukani, mudetsa mwana." Sanandiyang'ane. "Chifuwa chinatha?"

"Chinatha, Bambo."

"Mukanandifunsa, ndikanati tulutsani gitalayo, ikani matewera. Ndikanabwera kudzaitenga ndekha. Ndine wamisala ine, kuti ndisankhe thabwa kusiya mdzukulu?" Anasisita zala zawo. "Malamlungu asanu ndi limodzi, mpongozi. Ndinkaika foni pansi n'kuwauza amayi anu kuti, mwamva, mumati sangathe."

Basi yawo itafika anamugwira Kapiteni kaphazi, n'kuuza mwana wawo kuti gitala ikachira adzaitenga okha, izikakhala kwawo.

Pobwerera amuna anga anangoti, "Ukanandiuza, bwenzi titanama bwinoko." Ndinayesa kuseka, koma zinakanika. Titafika m'boti anatsekula kabati ija, anatenga matewera pabedi, n'kuwalongedzamo okha. Kope lija la malamulo ndinaliika pansi pa zovala zanga. Sindinalitaye.

Mawa lake linali Lamlungu. Ndinkaganiza kuti saimba, kapena aimbira mwana wawo. Foni yanga inalira nthawi yake yomwe ija.

"Mpongozi. Kapiteni ali bwanji?"

Pakamwa panali patayamba kale kuti "ali bwi—", ndinadziluma lilime.

"Dzino lam'munsi likutuluka, Bambo, ndiye akuvuta kudya. Ali ndi totupa kukhosi, ndikuganiza kuti ndi thukuta, koma sindikudziwa. Dzulo anatsokomola kawiri. Ndachita mantha."

Ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka.

"Kawiri," anatero. "Chouma kapena cha makhololo? Fotokozani bwinobwino, ndikumva."