Mamita 800 a Tisungane

Kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro inali ndi mndandanda wa nthawi zothamangira. Inati atsikana ambiri a zaka khumi ndi ziwiri amamaliza mamita 800 m'mphindi zinayi, ndipo wosafika mphindi zitatu adzapita kumpikisano ku Thyolo.

Bwalo la sukulu yathu ndi lotsetsereka, choncho tinasankha msewu wa mathirakitala wodutsa m'munda wa tiyi. Tepi yoyezera tinalibe. Tinabwereka chingwe cha mfundo chimene a Stafford, kapitawo wa paesiteti, amayezera mizere pobzala.

Ine ndimaphunzitsa masamu, ndiye wotchi ndinagwira ndine. Ana ankafika akuwefuka, ena atagwira m'nthiti. Tisungane, mwana wanga, anafika pa mphindi ziwiri ndi masekondi 31. Ndinayang'ana wotchiyo kawiri, n'kulemba.

A Kingsley, mphunzitsi wa masewera, anakana kutumiza nthawiyo. Anati kuofesi akatiseka, komanso anthu adzanena kuti bambo wabera mwana wake masekondi. Sindinawatsutse. Koma chimwalirireni mayi ake, Tisungane anali asanandipemphepo kanthu kupatula ulendo wa ku Thyolowo.

Tinaitana a Stafford kuti atsimikize muyezo. Atamva za mamita anaseka mpaka kuvula chipewa.

"Aphunzitsi, mamita ake ati? Chingwe ichi n'cha mayadi. Tiyi yense mukuonayu tinabzala ndi mayadi. Ndiye amasamu ake ndinuyo?"

Nditawerengera ndinapeza kuti msewu wathu unaperewera pafupifupi mamita 69. A Kingsley anafufuta nthawi zonse zimene ndinalemba, n'kukabwereka tepi ku Makwasa. Lachinayi tinayezanso, ndipo mzere womalizira unakwera chitunda mpaka pashedi yopimira tiyi. Wotchi anagwira a Kingsley okha. Ine anandiimika patali, pambali pa amayi othyola tiyi.

Wezulo italira, anawo ananyamuka limodzi ngati gulu la mbuzi. Pokhota koyamba Tisungane anali kale yekha. Tiyi ankamubisa mpaka m'chiuno, moti chimene ndinkaona ndi malaya oyera akuyandama pamwamba pa masamba, mutu osagwedezeka n'komwe. Atafika pachitunda, pamene thirakitala yodzaza imalira, anawonjezera liwiro. Amayiwo anasiya kuthyola, madengu ali kumsana. Ndaona ana akuthamanga kwa zaka makumi awiri, koma kathamangidwe koteroko ndinali ndisanakaone. Mwanayu timadyera limodzi tsiku lililonse.

A Fainess, mmodzi wa amayiwo amene anaima pafupi nane, anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndi lero pamene ndamuona mwana wanga akuthamanga. Anati iwo amamuona madzulo aliwonse akukwera chitunda chomwecho kawiri kapena katatu, nthawi imene ine ndimakhala ndikuchonga makope.

Nditafika pashedi ndinapeza a Kingsley akadayang'anabe wotchi. Anaionetsa kwa a Stafford, kenako kwa ine: mphindi ziwiri ndi masekondi 48. Anatulutsa fomu ya mpikisano m'thumba la malaya, n'kuiyala pabondo, n'kulemba okha dzina la Tisungane.

Tisungane anali atawerama, manja pamaondo, fumbi lofiira litamufika m'mabondo. Anadzutsa mutu.

"Adadi, zakwana?"

"Zakwana," ndinatero. "Ukupita."