Ndimu Yagwera mu Simenti

Kuseri kwa nyumba ina kunali shedi ya malata, ndipo m'menemo mayi wina ankaumba matailosi. Sankagwiritsa ntchito simenti yotuwa ija ya omanga nyumba. Yake inali yoyera, ya maginiziyamu, ufa wosalala umene ankausakaniza ndi madzi owawa a mchere wakewake. Simenti imeneyi ikauma imalimba ngati mwala, ndipo utoto umaikhala bwino. Koma ili ndi mtima wapachala. Kukatentha, usanathire n'komwe m'zikombole, imakhala yayamba kale kufunda ndi kukakamira pachipande. N'chifukwa chake mayiyu ankakana maoda a mathebulo akuluakulu. Simenti sikanamudikira.

Tsiku lina mwamuna wake, dalaivala wa basi wopuma pantchito, anadwala chimfine. Kugona kunamutopetsa, choncho anabwera kushedi atanyamula kapu ya madzi otentha ofinyiramo ndimu, akuti adzathandize. Anaika kapuyo m'mphepete mwa benchi, kenako anayetsemula mwamphamvu, chigongono n'kuigunda. Madzi onse anakhuthukira mu imodzi mwa ndowa ziwiri zimene mkazi wake anali atangosakaniza.

"Bambo inu, thandizo lake ndi limeneli?"

"Ndowa yanuyi ndi imene yaima polakwika," anayankha uku akupukuta mphuno. "Ine pamsewu sindinagundepo munthu."

Panalibe nthawi yokangana. Mayi uja anathamangira ndowa yabwinoyo, kuthira, kusalaza, kugogoda zikombole kuti mpweya utuluke. Atamaliza anapita pa inayo akudziwa kuti akapeza chimwala choti aswe ndi hamala. Anapisamo chipande, chinalowa bwinobwino. Anagwira m'mbali mwa ndowa, munali mozizira.

Anaima pomwepo kwa kanthawi, akutakasa pang'onopang'ono. Kenako anathira phalalo m'zikombole zotsala kuti angoona. Kutacha anapeza matailosi ake atalimba.

Nkhaniyi sinamuchoke m'mutu. Anagula mandimu, n'kundandalika zitini zakale pabenchi, chilichonse muli phala la simenti. M'china anadonthezamo madzi a ndimu pang'ono, m'china anawonjezera, m'chomaliza anafinyiramo ndimu yathunthu.

"Simenti yanunso yadwala chimfine?" anafunsa mwamuna wake ali pakhomo. Anamuuza kuti aime konko.

Zitinizo zinayankha mosiyana. Simenti ya ndimu pang'ono inachedwa kugwira, koma inalimba. Ya ndimu yathunthu inakhala phala mpaka mawa lake, ndipo itauma inkanyenyeka m'manja ngati bisiketi. Chinamuzunguza kwambiri n'chakuti ndimu ina inkachedwetsa kuposa inzake.

Loweruka kunabwera mlamu wake, mchemwali wa mwamunayo, amene ankaphunzitsa sayansi kusekondale. Anabwera kudzazonda wodwala, koma atangoona zitini anaiwala za mchimwene wake.

"Alamu, simenti imeneyi ikamauma, m'kati mwake mumamera tinthu tonga singano," anatero mphunzitsiyo, akulowetsa zala za dzanja lina pakati pa zinzake. "Tikalukana chonchi, ndiye kulimbako. Asidi wa mu ndimu amakuta ufawo, ndiye singano zimachedwa kumera. Mukachulutsa, zimalephera kulukana."

"Nanga madzi? Simenti imeneyi ikakhalitsa m'madzi imafewa. Ndimu ingathandizenso pamenepo?"

Mphunzitsi anakanda m'mutu. "Ndinawerengapo kuti ena amathira mankhwala otchedwa fosifeti. Za ndimu ndinganame. Beseni muli nalo?"

Anaviika zidutswa za simentiyo m'beseni la madzi, chilichonse atachilemba chizindikiro ndi msomali. Kuchokera pamenepo mlamu uja sankaphonya Loweruka. Ankangopereka moni pakhomo n'kulunjika kushedi, mpaka mchimwene wake anadandaula kuti iye anachira popanda womufunsa, pomwe miyala ikuzondedwa mlungu uliwonse.

Patapita milungu ingapo anazivuula. Chidutswa chopanda ndimu chinali chitafewa pamwamba, msomali unkalima mzere. Cha ndimu pang'ono chinakandika, koma movutikira.

"Chapirira," anatero mphunzitsi.

"Chapirira, koma kubafa sindingachiike," anayankha woumbayo. "Anthu angadzanditukwane."

Anasiya kugula mandimu. Mlamu wake anamuuza kuti asidi yemweyo amagulitsidwa ngati ufa m'sitolo ya zophikira makeke, ndipo ufa susintha mphamvu ngati chipatso. Anayesa ndi kasupuni mpaka anapeza muyeso womukomera.

Mwezi wotsatira anavomera thebulo la mwini lesitilanti wina, lalitali kuposa chitseko. Anathira phala lobiriwira, mlamu wake atagwira mbali ina ya chikombole, n'kulisalaza kuchokera uku mpaka uko popanda kuthamanga. Litauma, anthu anayi ndi amene analikweza m'galimoto.

Madzulo ake mphunzitsi anatulutsa kabotolo m'chikwama, n'kukaika pabenchi.

"Fosifeti uja," anatero. "Zitini zatsala zingati?"

Mayi uja anayamba kutsuka beseni.