Pasiwedi ya Aphunzitsi

Aphunzitsi anapuma ntchito kalekale, koma ankati mutu wawo sunapume. Zaka makumi atatu akuitana mayina a ana osayang'ana m'kaundula, ndiye lero munthu awauze zolemba pakapepala?

Amene anawauza zimenezo ndi mwana wawo wamkazi, namwino. Wina anali atayesa kulowa mu imelo yawo, momwe munali mauthenga a mawu amene malemu akazi awo ankawatumizira ali m'chipatala. Mawuwo kwina kunalibe.

Pofuna kusintha mawu achinsinsi olowera mu imeloyo, namwino anatsegula tsamba lopanga mapasiwedi pakompyuta ya pabalaza, n'kudina batani. Panatuluka zilembo, manambala ndi tizizindikiro, ngati papalasa nkhuku.

"Bambo, tsambali silisunga kanthu. Mukalitseka, basi zapita. Lembani."

"Zilembo khumi ndi ziwiri zokhazi? Iwe, anakuphunzitsa kuwerenga ndani?"

Anaziwerenga katatu mokweza, chala chili m'mwamba, n'kusintha pasiwedi, n'kutseka tsambalo mwamatama. Mwanayo anangopukusa mutu, ulendo wa kuntchito.

M'mawa mwake zilembo zija zinali zitabalalika m'mutu mwawo ngati ana belu likalira. Anayesa kanayi, imelo inakana. Anabwerera kutsamba lija kuti liwakumbutse, koma linawapatsa pasiwedi ina. Anadinanso, inanso.

"Dzulo sunanene choncho iwe!" anakalipa, akuloza kompyuta ndi magalasi. Tsambalo silinachite manyazi n'komwe.

Pofika masana matama anali atatha, mantha atalowa. Namwino anawapeza ali duu pampando, tiyi atazizira m'kapu.

"Nanga mutu uja, bambo? Nawonso wapuma?"

"Seka, mwanawe, ndi nthawi yako." Anavula magalasi n'kuwapukuta, ngakhale anali oyera. "Za zilembozo ndilibe nazo ntchito. M'mawa muja ndimafuna kukumbukira mmene amayi ako ankayankhulira. Ndinayesa, ndinayesa, mawu osabwera."

Kuseka kunamuthera namwino. Anatenga foni ya bambo ake, n'kuitanitsa nambala yotsegulira imelo, n'kupanga pasiwedi ina. Aphunzitsi anadzitengera okha cholembera, n'kukopera chilembo chimodzichimodzi, lilime lili panja.

Kenako namwino anadina uthenga woyamba umene anauona. Mawu otopa koma oseka anadzaza pabalaza.

"Aphunzitsi, mankhwala anu ali pamwamba pa kabati. Ndikudziwa mwaiwala kale. Musakane."

Aphunzitsi sanakane. Anangopempha kuti awabwerezere.