Maso a Inês

"Ndabwera kudzatenga mwana wanga, a pulofesora," anatero a Januário ataima pakhomo la kalasi langa ku Malowera. Anati mwana wawo Inês watha zaka pasukulu osadziwa kulemba ngakhale dzina lake, pomwe kumunda anyani akumaliza chimanga. Mwana wosamva, iwo anati, kuli bwino azikalondera anyani, poti maso ali nawo.

Mtima unandiwawa. Inês anagontha ndi malungo aakulu atayamba kale kulankhula, ndipo khutu limodzi lokha ndilo linkatolako pang'ono. Ndinamukhazika kutsogolo, ndinkakuwa mpaka kusasa mawu, koma zonse zinkangopita ndi mphepo.

Mwayi wake, tsikulo tinali ndi a Olímpio, mphunzitsi woyendera masukulu pa njinga yamoto kuthandiza ana olumala. Anali munthu waulesi pakamwa koma wakhama m'maso. Anapempha a Januário kuti amulankhule mwanayo iwo akuona. Inês anabwera, nagwada, maso pansi monga mwana woleredwa bwino. Bambo ake analankhula, iye phee, akuyang'ana fumbi.

"Makutu a mwana uyu ali m'maso, bambo," anatero a Olímpio. "Akamayang'ana milomo yanu azimva. Koma tonsefe tinamuphunzitsa kuti wamkulu sayang'anidwa kumaso."

A Januário anapsa mtima. "Mwana wanga azindipenya m'maso ngati mnzanga wakumowa? Pothawira ku Zambia nthawi ya nkhondo tinasiya mbuzi ndi nkhokwe, koma mwambo sitinausiye."

Tinawanyengerera mpaka dzuwa kupendeka. Potsiriza analola kuti Inês akhale mpaka nthawi yokolola, ndipo zikakanika tisadzawavutitsenso.

A Olímpio anayamba ndi ine. Anandiletsa kulankhula ndi bolodi, chizolowezi chathu aphunzitsi. Anandiletsanso kuima dzuwa lili kumbuyo kwanga, ndi kukuwa komwe, ati kumapotoza milomo. Anatiphunzitsa, ine ndi ana onse, zizindikiro zingapo za manja. Koma ntchito yaikulu inali kudzutsa maso a Inês. Ndikaloza pakamwa panga ankasuzumira pang'ono n'kuzyolikanso, manyazi atamugwira ngati waba. Tinapita nazo pang'onopang'ono. Tsiku limene anabwereza mawu anga onse osaphonya, ndinatuluka panja kukalira kuseri kwa kalasi, ana angandiseke.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, a Januário anatulukira pa nthawi yopuma. Inês analemba dzina lake pabolodi, nalembanso la bambo ake. Iwo sanatekeseke. Anati zimenezo ife aphunzitsi tikhoza kumulowezetsa mwana pamtima, choncho amufunsa okha.

Tinatuluka pabwalo, ana atatizinga. A Januário analankhula ali chiimire. Inês anadzutsa maso, koma bambo ake anali wamtali, ndipo chipewa chinaphimba pakamwa pawo ndi mthunzi. Mwanayo sanayankhe.

Kenaka Inês analoza chipewacho, nalozanso pansi. Ana onse anayang'anana, poti mwana salamula bambo wake. A Januário anayang'ana uku ndi uku. Kenaka anavula chipewa nanjuta pafumbi, nkhope yawo kulunjika ya mwanayo.

"Mwanangu," anatero pang'onopang'ono, "ufuna kumunda kapena kushikola?"

"Kushikola, ababa."

Mawu ake anali okhota, koma tonse tinawamva. Ana anaomba m'manja, ine nthungululu inandipulumuka ndisanaganize za ulemu wa ntchito. A Januário sanadzuke. Anamufunsa mnzake wapamtima ndani, Inês anayankha. Anamufunsa ndiwo zimene amakonda, anayankhanso. Belu linalira, ana analowa m'kalasi, koma bambo aja anali chinjutire padzuwa, chipewa chili pabondo, akufunsabe mwana wawo mafunso a zaka zonse zija.