Mchere Wosaphika

Ahedi ananena poyera kuti ana a Folomu 2 akalembetsa ochepa, phunziro la kemisitiri litha pasukulupo chaka chamawa. Madamu Priscilla, amene ankaliphunzitsa, anangoti, "Ambuye alipo," n'kubwerera kukalasi.

Labu panalibe. Atomu anaiphunzitsa pansi pa mtengo. Anajambula mizere yozungulira padothi, pakati n'kuunjikapo masau kuti akhale nyukiliyasi, m'mizeremo n'kuikamo njere za mapira ngati maelekitironi. Akufotokoza, mbuzi inafika n'kudya masauwo.

"Madamu, atomu yanu yapita ndi mbuzi," anatero Geresomo, mnyamata wanthabwala amene anzake ankamutsatira pa chilichonse.

Tsiku lina Madamu anabweretsa maginito a m'sipika ya wailesi yakufa, nawakoka mumchenga wakumtsinje. Tizitsulo takuda tinaima pamaginitopo ngati tsitsi. Ana anakondwa, koma olembetsa anali ochepabe.

"Masau tawaona, mchenga tauona," anatero Geresomo. "Koma maatomuwo timangomva kwa inu."

Madamu anasungunula mchere m'madzi, nagawira aliyense m'botolo lodula pakati. Popeza kalasi inalibe chitseko ndipo mbuzi zinkalowamo, anawauza kuti akaike kwawo pamthunzi, madziwo aziuma okha.

Anaiwala kuti amayi a anawo ndi otcheza mchere kudambo. Tsiku lobweza mabotolo, pafupifupi aliyense anabwera ndi kamchere konga ufa.

"Mayi anati madzi a mchere sagonekedwa nkhuni zilipo," anatero Geresomo. "Anaphika, n'kuti ndikuuzeni kuti ngati simudziwa kaphikidwe mubwere akuphunzitseni."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Madamu anaseka nawo, koma mtima unagwa, pakuti teremu inali kumapeto.

Imelda, mtsikana wa m'kwaya, anakweza dzanja. "Langa lili kutchalitchi, Madamu, kuseri kwa guwa. Kumeneko mayi sangakolezeko moto."

Onse ananyamuka kupita kutchalitchi, dzuwa likuotcha. Imelda anatulutsa botolo lake n'kuliika pazenera. Madzi anali atauma. Pansi pake panali timiyala ta mchere towala, kalikonse ka ngodya zowongoka ngati njerwa.

Geresomo anatola kamodzi, nakatembenuza padzanja. "Iwe Imelda, wachita kusema."

"Ndi chiyani? Mano?"

"Palibe wasema," anatero Madamu. "Amenewa ndi makirisitolo. Tinthu ting'onoting'ono ta mchere tafola tokha m'mizere, ka sodiyamu, ka kolorini, mosinthana. Moto umafulumizitsa tinthuti, n'chifukwa chake wa amayi anu umatuluka waung'ono. Mukatipatsa nthawi, timamanga chachikulu. Maatomu simuwaona, koma kaimidwe kawo ndi kameneka."

Madamu anaganiza za Mlengi amene anaika dongosolo ngakhale m'zinthu zobisika kwa maso, ndipo anamuthokoza chamumtima.

Geresomo anakanyambita kamwalako. "Ndi mchere ndithu, wa kwathu womwewu," anatero. Anayang'ana anzake. "Ofesi ya ahedi atseka kale?"

Anatsogola iye, Imelda pambuyo atanyamula botolo ndi manja awiri ngati mbale ya chopereka, ena onse akutsatira. Madamu Priscilla anayenda kumapeto, mutu uli m'mwamba, akung'ung'uza nyimbo yoyamika. Atafika pakhomo la ofesi sanalowe. Anaima panja n'kumamva ana ake akutchula maina awo mmodzimmodzi.